Kuphunzitsa wodwala Parkinson pakhomo: chomuuza, nthawi yomuuzira, ndi pofunika kukhala chete

Munthu aliyense amaphunzira poona zotsatira za zimene wachita. Wayesa, zatheka kapena zakanika, ulendo wina asintha. Ambirife sitiganizirako n'komwe, chifukwa ubongo umadzilembera wokha kuti "apa wakhoza" kapena "apa waphonya." Matenda a Parkinson amawononga mbali ya ubongo imene imagwira ntchito yomweyi. N'chifukwa chake mungathe kuuza bambo anu tsiku lililonse kuti asamakhwekhwereze mapazi, iwo n'kuvomera ndi mtima wonse, mawa lake n'kuwapeza akukhwekhwerezabe. Si mwano, komanso si ulesi. Kuphunzira angathe ndithu, ngakhale atadwala zaka zambiri, koma kauzidwe kake kayenera kusintha. Malangizowa ndi a inu amene mukusamalira wodwala wotere pakhomo.

Chimene chasokonekera m'mutu

Matendawa anawafotokoza koyamba mwadongosolo ndi dokotala wa ku London, James Parkinson, mu 1817, ndipo bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali nawo. Dzanja limanjenjemera munthu atangokhala, thupi limauma, chilichonse chimachitika mochedwa, mapazi amaponda pafupipafupi, mawu amatsika, zilembo zimachepa. Sapatsirana, ndipo si ufiti. Gwero lake ndi kufa pang'onopang'ono kwa maselo a kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa substantia nigra, amene amapanga dopamini, mankhwala achilengedwe a muubongo othandiza kuyendetsa thupi. Ochiziratu kulibe, koma mankhwala a levodopa, amene anayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, amabwezeretsako dopamini kwa maola angapo thupi n'kumasuka.

Dopamini sayendetsa thupi lokha. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz, pofufuza pa anyani ku Switzerland, anaona kuti maselo amenewa amatakataka mwadzidzidzi nyani akalandira madzi a zipatso amene sanawayembekezere, ndipo amati zii kwa kanthawi akayembekezera madziwo koma osabwera. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumauza ubongo kuti chimene changochitikacho chibwerezedwe kapena chisiyidwe. Mu 1996, Barbara Knowlton ndi anzake ku California anapatsa anthu makadi a zizindikiro kuti azilosera ngati kugwe mvula kapena kuwale dzuwa. Lamulo lake sanawauze. Ankangoyerekeza, kompyuta n'kuwauza ngati akhoza. Anthu opanda matendawa ankayamba kukhoza pang'onopang'ono, osadziwa n'komwe chifukwa chake. Odwala Parkinson anavutika, chonsecho atafunsidwa pambuyo pake ankakumbukira bwinobwino makadiwo ndi zonse zimene zinachitika. Ndiye kuti nzeru yosunga zimene munthu wauzidwa kapena waona ilipo. Chafooka ndi kuphunzira kwachizolowezi kodzera m'kuyesa ndi kulakwa.

Vuto lachiwiri n'lakuti thupi limamunamiza wodwalayo pa kukula kwa zimene akuchita. Zili ngati sikelo ya pamsika yowonongeka, imene ikuloza kilo pamene mwaikapo theka. Iye akumva kuti waponda patali, inu mukuona phazi langosuntha pang'ono. Akumva kuti wakweza mawu, inu simunamve kanthu. Ntchito yanu ndi kumupatsa muyeso woona umene thupi lake lasiya kumupatsa.

Choyamba: dziwani maola amene mankhwala akugwira

Musanayambe chilichonse, wodwala aonedwe ndi dokotala, chifukwa si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson. Pemphaninso kuti akaonedwe ndi a mafizo, akatswiri a kuchipatala othandiza odwala kulimbitsa ndi kuyendetsa thupi. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili nawo, ndipo ulendo umodzi wokha ungakupatseni poyambira pabwino.

Mukabwerera kunyumba, tengani kope. Kwa masiku atatu kapena anayi lembani nthawi imene wamwa mankhwala, nthawi imene thupi lamasuka, ndi nthawi imene layambanso kuuma. Kwa ambiri levodopa amayamba kugwira pakatha mphindi 30 kufika ola limodzi. Chinthu chatsopano chiphunzitseni m'kati mwa nthawi yomasukayo, pamene thupi lingathe kuchita zimene mukulipempha. Kuphunzitsa munthu kudzuka pampando mankhwala atatha m'thupi ndi kumuphunzitsa kulephera basi. Zimene wazigwira kale mungabwerezeko mosamala pa nthawi youma, pakuti ndi pamene adzazifune kwambiri.

Zakudya monga nyama, nsomba, mazira, nyemba ndi mkaka zimatha kuchedwetsa kapena kufooketsa levodopa mwa anthu ena. Mukaona m'kope muja kuti mankhwala sagwira bwino akamwedwa pamodzi ndi nsima ya ndiwo zotere, funsani dokotala za kumwa mphindi 30 chakudya chisanafike. Musasinthe mlingo panokha, ndipo musasiyitse mankhwalawa mwadzidzidzi, chifukwa kutero n'koopsa kwambiri. Ngati mankhwala palibe, musataye mtima: lembani chabe maola amene wodwala amakhala wopepukidwa, muzigwiritsa ntchito amenewo.

Chachiwiri: sankhani ntchito imodzi, ndipo asankhe ndi iye

Funsani kuti, "Amayi, chimene chikukusautsani kwambiri n'chiti?" Mwina ndi kudzuka pampando, kutembenuka pogona, kudutsa pakhomo la chimbudzi, kumanga mabatani, kapena kumveka akamalankhula ndi adzukulu. Tengani chimodzi. Chotsani mikeka ndi zingwe zapansi, zimitsani wailesi, ana akasewere panja. Avale nsapato zogwira chidendene, osati masilipasi. Mphindi 10 kapena 15 kawiri patsiku zimaposa ola lathunthu lotopetsa. Poyenda, imani pambali pake chakumbuyo pang'ono.

Chachitatu: muonetseni, musamusiye ayerekeze

Mu 2004, Daphna Shohamy ndi anzake ku America anapatsa odwala Parkinson masewera ophunzira kuti chidole chilichonse chimakonda ayisikilimu wa mtundu wanji. Gulu lina linkayerekeza n'kuuzidwa ngati lakhoza kapena laphonya. Gulu lina linkangoonetsedwa chidolecho chitanyamula kale ayisikilimu woyenera. Oyerekeza aja anavutika, koma oonetsedwa anaphunzira mofanana ndi anthu opanda matendawa. Mfundo zoti aphunzire zinali zomwezo. Chinasiyana ndi khomo lolowera m'mutu.

Choncho musanene kuti, "Tayesani tione," kenako n'kumawerenga zolakwa. Chitani inuyo poyamba iye akuona, pang'onopang'ono ndiponso mokokomeza, mukutchula gawo lililonse ndi mawu ochepa. Tiyerekeze kudzuka pampando. Sankhani mpando wolimba, wautali ndithu, wokhala ndi pogwira manja, wotsamira khoma kuti usasunthe. Magawo ake ndi awa: kusendera kutsogolo mpaka m'mphepete mwa mpando, kubweza mapazi kumbuyo akhale pansi pa mawondo, otalikirana pang'ono, kuika manja pogwirira, kuweramira kutsogolo mpaka mphuno ipitirire mawondo, kukankha n'kuimirira. Akaimirira ayambe waima kaye masekondi angapo, chifukwa matendawa ndi mankhwala ake amatsitsa kuthamanga kwa magazi munthu akadzuka, chizungulire n'kumugwetsa.

Mawu ake akhale omwewo tsiku ndi tsiku: "Senderani. Mapazi kumbuyo. Manja. Weramani. Dzukani!" Musalole kuti inu muzinena zina, mlongo wanu zina, mdzukulu zina. Lembani mawuwo ndi zilembo zazikulu papepala, mumate pakhoma moyang'anana ndi mpandowo. Pakapita masiku, wodwala azitchula yekha mokweza asanachite, kenako azitchula chamumtima. Chimene mukuchita apa ndi kusandutsa ntchito imene kale inkachitika yokha kukhala ntchito yochita moganizira, gawo ndi gawo. Pamene ambiri amakanikira ndi powerama: amaopa kugwa chafufumimba, ndiye amayesa kudzuka msana utatsamira kumbuyo, n'kugweranso pampando. Ikani dzanja lanu kutsogolo kwake muuze kuti, "Fikitsani chipumi apa."

Chachinayi: zotsatira azizione ndi maso, azizimva ndi makutu

Popeza muyeso wa m'thupi wasokonekera, ikani wina panja. Kalekale mu 1967, dokotala wa ku Britain, James Purdon Martin, analemba kuti mizere yopingasa yojambulidwa pansi imathandiza odwala otere kuyenda bwino. Mpaka lero ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse.

Jambulani mizere yopingasa njira ndi choko kapena khala pasimenti, kapena ndi phulusa pabwalo losesa. Pofuna kudziwa mpata wake, wodwala ayende mmene amayendera masiku onse, muyeze kutalika kwa sitepe yake, kenako mizere italikirane kuposa pamenepo pang'ono. Akazolowera muziwonjezera pang'onopang'ono. Mizere 8 kapena 10 yakwana. Lamulo ndi limodzi: "Agogo, dumphitsani phazi mzere uliwonse." Ubwino wa mzere ndi wakuti sukalipa ndipo sutopa. Phazi likapitirira, wodwala waona yekha. Likapanda kufika, waonanso yekha, inu osanena kanthu.

Onaninso mmene chiganizocho chilili. Chikukamba za mzere, osati za bondo kapena chidendene. Gabriele Wulf ndi anzake anapeza mu 2009 kuti odwala Parkinson ankadzandira pang'ono poima pa chinthu chogwedera akauzidwa kuika maganizo pa chinthucho kusiyana ndi akauzidwa kuika maganizo pa mapazi awo. Choncho m'malo mwa "tambasulani mkono," nenani kuti "gwirani felemu la chitseko." M'malo mwa "wongolani msana," nenani kuti "yang'anani nthambi ya mango ija."

Makutu nawo amathandiza. Ombani m'manja, werengani "wani, thu, wani, thu," imbani nyimbo ya kwaya imene amaikonda yokhala ndi kugunda koonekera, kapena ikani pa foni pulogalamu ya metronome, imene imalira mobwerezabwereza pa liwiro losasintha. Liwiro lake mulipeze chonchi: werengani masitepe amene amaponda pa mphindi imodzi akamayenda momasuka, muyambire pamenepo. Musathamangitse. Kwa amene mapazi amamukakamira pansi, tsitsani liwirolo pang'ono, chifukwa cholinga ndi masitepe aatali osati ofulumira.

Njirayi inayesedwa m'makomo mwa anthu. Kafukufuku wotchedwa RESCUE, amene anatuluka mu 2007, anatsatira odwala 153 ku Britain, Belgium ndi Netherlands, omwe anaphunzitsidwa kunyumba kwawo kwa milungu itatu. Kayendedwe kanasinthako, ngakhale kuti si kwambiri, ndipo kukakamira kwa mapazi kunachepa mwa amene anali nalo vutoli. Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri ine ndi cha pafupi ndi kwathu kuno. M'boma la Hai kumpoto kwa Tanzania, ofufuza anayenda khomo ndi khomo n'kupeza kuti odwala Parkinson ambiri anali asanauzidwepo dzina la matenda awo. Lynn Rochester ndi anzake anaphunzitsa ena mwa iwo, amene anali asanamwepo mankhwala a matendawa, kuyenda motsatira metronome kwa milungu itatu. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2010, zinasonyeza kuti liwiro ndi kutalika kwa masitepe zinakwera. Kumudzi kopanda levodopa kulinso chochita.

Chachisanu: akamachita khalani chete, akamaliza dikirani pang'ono

Apa ndi pamene chikondi chimatisokoneza. Tikaona mayi athu akuvutika, pakamwa sipatseka: "Kwezani mwendo, yang'anani kutsogolo, musawerame, mwamwa mankhwala koma?" Wodwala Parkinson akuyenda ndi maganizo ake onse. Meg Morris ndi anzake ku Melbourne anaonetsa mu 1996 kuti odwala ataphunzitsidwa kwa mphindi 20 ankatha kusunga masitepe aatali kwa maola awiri, koma akangopatsidwa ntchito ina yoganizira uku akuyenda, masitepe ankafupikanso. Funso lanu lililonse ndi ntchito yachiwiri yotero. Akamayenda, chotuluka pakamwa panu chikhale liwu limodzi lomwe munagwirizana, monga "Patali!", kapena kuwerenga kuja basi. Nkhani zidikire akhale pansi.

Akamaliza, musathamangire kupereka ndemanga. Mu 2011, Karin Foerde ndi Daphna Shohamy a ku Columbia University ku New York anapatsa anthu masewera ophunzira duwa limene gulugufe aliyense amakonda. Yankho likabwera nthawi yomweyo, odwala Parkinson ankavutika kuphunzira. Likachedwa ndi masekondi angapo chabe, ankaphunzira ngati wina aliyense. Zithunzi za ubongo wa anthu athanzi zinasonyeza chifukwa chake: yankho lachangu limadzera m'mbali imene imadalira dopamini, pamene lochedwerapo limadzera ku hippocampus, mbali yosunga zikumbukiro, imene matendawa saiwononga msanga. Amenewa anali masewera a pakompyuta, osati kuyenda pabwalo, koma ine ndikuona kuti phunziro lake n'loyenera kulitenga, pakuti kudikira sikulipiritsa. Werengani chamumtima mpaka sikisi. Kenako funsani kaye: "Mwaona bwanji ulendo uno?" Akayankha, ndiye nenani zimene mwaona inu. Mpata umene uli pakati pa zimene iye wamva ndi zimene inu mwaona ndiwo mukufuna kuuchepetsa.

Pokhapokha pangozi: akayamba kupendekeka kapena kuthamanga ndi timasitepe tating'onoting'ono, nenani "Imani!" nthawi yomweyo.

Chachisanu ndi chimodzi: tchulani chimene chatheka, mochitchula dzina

Mu 2004, Michael Frank ndi anzake ku Colorado anayesa odwala Parkinson pa masewera osankha pakati pa zilembo za Chijapani, atamwa mankhwala komanso asanamwe. Asanamwe, ankaphunzira bwino kupewa zimene zawalakwitsa kuposa kutsata zimene zawapindulitsa. Atamwa, zinatembenuka: ankaphunzira bwino kuchokera ku kukhoza, koma kulakwa sikunkawaphunzitsa kwambiri. Tikakumbukira anyani aja, n'zomveka. Mankhwala amadzaza dopamini, ndiye kutsika kuja kumene kumati "apa waphonya" sikumveka bwino.

Popeza mukuphunzitsa pa nthawi imene mankhwala akugwira, ndemanga yolowa kwambiri ndi yonena chimene chatheka. Koma "mwachita bwino" yekha sathandiza, chifukwa sanena kuti chabwinocho n'chiti. Nenani kuti, "Ababa, mwapitirira mizere isanu ndi umodzi mwa isanu ndi itatu," kapena, "Ulendo uno munawerama mokwanira, n'chifukwa chake mwadzuka kamodzi n'kamodzi." Pakakhala chokonza, chikhale chimodzi, ndipo muchinene ngati chochita osati chosiya: "Ulendo uno mapazi kumbuyo kaye," osati "Mwaiwalanso mapazi." Musamunamize kuti zatheka pamene sizinatheke. Akudalira inu kuti mumuuze zoona, ndipo mukamukometsera mwamulanda muyeso wokhawo umene watsala nawo. Zikakanika katatu motsatizana, fewetsani ntchitoyo: ikani pilo pampando ukwere, fupikitsani mizere.

Pali chinthu chimene chimapweteka mabanja ambiri, ndipo ndikufuna muchimvetse. Matendawa amaumitsa minofu ya nkhope. Mungayamikire ndi mtima wonse, wodwala n'kukuyang'anani ndi nkhope yosasintha ngati sizikumukhudza. Wamva, ndipo mwina wasangalala. Nkhope ndiyo ikukana kusonyeza. Yankho la pakamwa nalo limachedwa, choncho mukafunsa dikirani, musamuyankhire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe matenda a nkhawa ndi kusowa chilakolako chochita zinthu amabwera kawirikawiri ndi Parkinson. Ngati wodwala wasiya kufuna chilichonse kwa milungu ingapo, kauzeni dokotala, chifukwa thandizo lake lilipo.

Kusamva kulakwa kuja kuli ndi mbali ina yoopsa. Mankhwala ena a Parkinson, monga pramipexole ndi ropinirole, amachititsa anthu ena kulowerera m'juga, kugula zinthu mosadziletsa, kudya mopitirira kapena chilakolako chogonana chosaletseka. Kafukufuku wa mu 2010 wa odwala oposa 3,000 ku United States ndi Canada anapeza mavutowa mwa anthu 17 pa 100 alionse omwa mankhwala a mtundu umenewu, poyerekeza ndi 7 pa 100 mwa osamwa. Munthu amaluza ndalama koma kuluzako osamuphunzitsa kanthu. Masiku ano kubetcha kuli pa foni, ndiye mukaona bambo amene sanatchovepo juga ayamba, musawachititse manyazi pagulu. Pitani nawo kwa dokotala akaunikenso mankhwalawo.

Chachisanu ndi chiwiri: mawu ndi zolemba

Pa mawu ndi pamene kunamizidwa ndi thupi kumaonekera poyera. Wodwala amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akulankhula bwinobwino, ndipo kuti ena ndiwo ayamba kugontha. Njira yodziwika yotchedwa LSVT LOUD, imene Lorraine Ramig ndi anzake anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1980, imatenga maphunziro 16 a ola limodzi, kanayi pa mlungu kwa milungu inayi, ndipo onsewo amazungulira pa lamulo limodzi: kweza mawu. Imaphunzitsidwa ndi akatswiri, koma mfundo yake mungaigwiritse ntchito pakhomo. Wodwala ayenera kuzolowera kuti pamene iye akumva ngati akukuwa, m'pamene ena akumumva bwino.

Kukangana naye sikuthandiza. Mujambuleni ndi foni. Inu nenani chiganizo, iye anene chomwecho, foni ili pa mtunda wofanana, kenako mvetserani limodzi. Uzani kuti abwereze "mokweza ngati mukuitana mwana ali kudimba," mujambulenso, amve yekha kuti mawu amene amawayesa phokoso ndi mawu wamba. Sankhani ziganizo khumi zimene amanena tsiku lililonse, monga "Mwadzuka bwanji?", "Ndipatseni madzi," "Tsekani chitseko," azizinena mokweza m'mawa uliwonse atakhala mowongoka ndi kukoka mpweya wokwanira. Pakhosi pakayamba kuwawa kapena mawu kusasa, ndiye kuti akukakamiza ndi khosi, apume. Pocheza wamba, m'malo momangoti "Mwati bwanji?", gwirizanani kachizindikiro, monga kugwira khutu, kuti asachite manyazi pamaso pa alendo.

Zolemba n'chimodzimodzi: jambulani mizere yakuda yotalikirana papepala, chilembo chilichonse chikhudze mzere wapamwamba ndi wapansi. Akaona zayamba kuchepa, aime, akweze cholembera, ayambirenso. Kanema wa pa foni amathandizanso pa kayendedwe, bola mupemphe chilolezo musanajambule, ndipo musatumizire anthu.

Chachisanu ndi chitatu: chepetsani ndemanga, sinthani malo

Ndemanga ikamabwera nthawi iliyonse, munthu amaidalira, ikasowa n'kubwerera pakale. Suzete Chiviacowsky ndi anzake ku Brazil anapeza mu 2010 kuti odwala Parkinson amene ankauzidwa zotsatira maulendo awiri mwa atatu alionse anasunga bwino zimene anaphunzira kuposa amene ankauzidwa ulendo uliwonse. Mu 2012 anapezanso kuti odwala amene ankasankha okha nthawi yogwiritsa ntchito ndodo yothandizira poima pa thabwa logwedera anaphunzira bwino kuposa amene ankasankhiridwa. Choncho masiku oyamba nenani pafupipafupi. Zikayamba kugwira, nenani pakatha maulendo awiri kapena atatu, kenako muuzeni kuti, "Mukafuna ndikuuzeni mmene mwachitira, mundifunse." Fufutani mzere umodzi mwa iwiri iliyonse, kenako ayerekeze mizereyo m'maganizo. Kuomba m'manja kwanu kulowedwe m'malo ndi kuwerenga kwake.

Zimene wodwala Parkinson waphunzira pamalo amodzi sizisamuka mosavuta kupita pena. Wodzuka bwino pampando wa pabalaza angakanike pabenchi la kutchalitchi kapena pampando wa minibasi. Kaphunzireni pamalo enieniwo: pakhomo la chimbudzi, panjira ya kubafa, pakhonde. Jambulani mizere yokhalitsa pamene amakakamira kawirikawiri.

Musayembekezere kuti tsiku lina mudzasiyiratu. Mu kafukufuku wa RESCUE uja, phindu linali litatsika kwambiri patatha milungu isanu ndi umodzi maphunziro atatha. Matendawa amapitirira, ndiye kubwereza ndi kwa moyo wonse, ndipo wodwala akafunanso mizere imene munafufuta, jambulaninso popanda kudandaula. Gawanani ntchitoyi pabanja kuti isatopetse munthu mmodzi.

Mapazi akakakamira pansi

Zimachitika kwambiri poyamba kuyenda, potembenuka, pakhomo lopapatiza, kapena munthu akapanikizidwa kuti afulumire. Musamukoke dzanja, musamukankhe, chifukwa thupi lidzapita mapazi n'kutsala, n'kugwa. Nenani modekha: "Imani kaye. Wongokani. Pumani." Kenako asunthire thupi kumwendo umodzi, abwerere kwina, kawiri kapena katatu, ndipo muwerenge limodzi "wani, thu, fili" aponde sitepe imodzi yaikulu. Zikakanika, ikani phazi lanu mopingasa kutsogolo kwa lake muuze alidumphe. Potembenuka asazungulire pamalo amodzi. Ayende mozungulira ngati akulambalala mtondo. Muziyeserera zimenezi pa nthawi imene ali bwino, kuti pamavuto mawuwo akhale odziwika kale.

Bwererani kuchipatala ngati kugwa kwachuluka, ngati akutsamwa pakudya kapena pakumwa, ngati wayamba kuona zinthu zimene palibe, kapena ngati zinthu zaipa mwadzidzidzi m'masiku ochepa. Parkinson payekha amakula pang'onopang'ono, choncho kusintha kwadzidzidzi kawirikawiri kumachokera kwina: malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena m'chifuwa, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena mankhwala amene adumphidwa. Popita tengani kope lija, mabotolo onse a mankhwala amene akumwa, ndi kanema wamfupi wosonyeza mmene amayendera mankhwala atagwira komanso atatha.